Mawu Ofotokozera Matenda a Magiya a Galimoto ya Otomatiki: Zitsanzo za ku Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

Galimoto zosintha zokha magiya zachuluka kwambiri m'dziko muno, makamaka chifukwa cha galimoto zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan, zimene zambiri zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kuloŵera pachipata cha Songwe. Munthu akaima m'mphepete mwa msewu wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza kupita ku Mulanje, amaona kuti galimoto zing'onozing'ono zonyamula anthu, monga Toyota Sienta, zambiri zilibe chopondera cha kilatchi. Akalaliki a m'maesiteti, aphunzitsi ndi anamwino amene akwanitsa kugula galimoto akugula za mtundu womwewo. Mabuku a kasamalidwe kake amabwera m'Chijapani, ena m'Chingerezi, ndipo mkonzi wa nyuzi kapena mphunzitsi wa zaumisiri akafuna kufotokoza nkhaniyi m'Chicheŵa amayamba wadzipangira mawu akeake. Nkhani ino ikusanthula mawu ofunika pofotokoza matenda a magiya a galimoto zoterezi pamodzi ndi mmene matendawo amafufuzidwira, pakuti mawu aumisiri sangasankhidwe bwino ndi munthu wosadziŵa chinthu chimene akuchitchulacho.

Dera la Thyolo talisankha dala. Minda ya tiyi ya Satemwa, imene idayamba mu 1923, ya Conforzi, ya Naming'omba, ya Makwasa ndi ina yotero ili m'zitunda ndi m'zigwa. Misewu ya m'kati mwake ndi yadothi kapena yamiyala, ndipo mvula ikagwa, kapena chiperoni chikakhala masiku atatu, imasanduka matope. Galimoto imakwera pang'onopang'ono italemedwa, imatsika mitsetse italiitali, imatitimira, imakokedwa ndi thirakitala. Zonsezi ndi zinthu zimene giyabokosi ya otomatiki imadana nazo. Kuwonjezera apo, dalaivala ndi makaniko wa kumeneko, kaya kwawo amayankhula Chilomwe kapena Chimang'anja, akakumana pagalaja amamvana m'Chicheŵa.

Dzina la chinthucho

Anthu adatchula kale. Amati galimoto ya otomatiki, ndipo inzake yoponya magiya ndi dzanja amati ya manyuwo. Palibe chifukwa cholimbana ndi mawu ameneŵa. Chofunika n'chakuti wolemba akatchula otomatiki koyamba afotokoze kuti ndi galimoto yosintha yokha magiya, kenaka apitirize ndi liwu lalifupilo. Luso limeneli si lachilendo padziko: kampani ya General Motors idatulutsa giyabokosi yotchedwa Hydra-Matic mu 1939, pagalimoto za Oldsmobile. Kwathu kuno n'kumene lidachedwa kufala.

Liwu lakuti giya limasokoneza pang'ono pamgwirizano wa mawu. Ena amati giya loyamba, ena giya woyamba, ena giya yoyamba. Ife tikuona kuti n'kwabwino kuliyendetsa monga liwu lakuti sukulu: sukulu yathu, masukulu athu, giya yoyamba, magiya anayi. Aneni ake aliponso kale: kuponya giya, kuloŵetsa giya, kusintha magiya. Koma pagalimoto ya otomatiki mneni wakuti kuponya ngwa dalaivala yekha, pamene akusuntha ndodo kuchoka pa P kupita pa R kapena D. Zimene galimoto imachita payokha ikamayenda ndiko kusintha magiya. Kusiyanitsa kumeneku n'kothandiza, chifukwa wonena kuti “ikukana kuponya” ndi wonena kuti “ikukana kusintha” akudandaula matenda aŵiri osiyana. Woyambayo mwina vuto lake lili pandodo, pawaya wake, kapena pa switchi ya buleki imene imamasula ndodoyo pa P. Wachiŵiriyo vuto lake lili m'kati, kapena m'magetsi olamulira.

Mmene imagwirira ntchito tingafotokoze mwachidule. Pakati pa injini ndi giyabokosi pali chiŵiya chozungulira chodzaza ndi oyilo, chimene amakaniko amachitcha thoki konveta, kapena kungoti konveta. Supuni ikatakasa tiyi m'kapu, masamba oyandama amazungulira ngakhale supuniyo isanawakhudze, pakuti madziwo ndiwo anyamula mphamvu. Momwemonso injini imatakasa oyilo, oyiloyo n'kuzunguza mbali ya magiya. N'chifukwa chake galimotoyi imatha kuima ili pa D injini osazima. M'kati mwa giyabokosi muli timakilatchi tambiri timene timapanidwa ndi mphamvu ya oyilo wopopedwa ndi pampu. Njira za oyiloyo zimatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi timavalavu tamagetsi totchedwa masolenoyidi, ndipo wolamulira zonsezo ndi kompyuta yaing'ono imene imamva kwa masensa kuti galimoto ikuthamanga motani ndiponso kuti dalaivala waponda moto wochuluka bwanji.

Mafuta ndi oyilo

Apa m'pamene wolemba angathe kuphetsa galimoto ya mwini ndi liwu limodzi. M'Chicheŵa mafuta ndi dzina la zinthu zambiri: ophikira, odzola, petulo, dizilo, a buleki. Chiganizo chakuti “onani ngati mafuta ali okwanira” dalaivala wa ku Luchenza amachimva kuti ayang'ane geji ya petulo. Choncho pankhani ya magiya liwu lakuti mafuta tilisiye, titenge oyilo.

Koma oyilo nayenso ngwa mitundumitundu. Womasulira wosachenjera amalemba kuti oyilo wa magiya, poganiza kuti wamveka. M'sitolo ya zipangizo za galimoto, munthu akapempha oyilo wa magiya angapatsidwe oyilo wolemera, wonunkha kwambiri, wa nambala monga 80W-90, amene amathiridwa m'difu ndi m'magiyabokosi ena a manyuwo. M'maesiteti oyilo wa mtundu umenewu sasoŵa, pakuti malole ndi mathirakitala amaufuna. Akathiridwa mu otomatiki, timakilatchi tija timaleka kugwira bwino ndipo giyabokosi imatha msanga. Dzina loyenera ndi oyilo wa otomatiki, ndipo wolemba awonjezere kuti m'masitolo amadziŵika ndi zilembo zakuti ATF.

Ngakhale pamenepo nkhani sinathe. Oyilo wa otomatiki ali ndi mayina ake: Dexron, Toyota Type T-IV, Toyota WS ndi ena. Ndiponso galimoto zing'onozing'ono zambiri za ku Japan, monga Sienta, Vitz, Nissan Note ndi Honda Fit, zili ndi giyabokosi ya mtundu wina wotchedwa CVT, imene ilibe magiya oŵerengeka. M'malo mwake muli lamba wachitsulo woyenda pamapule aŵiri amene amatambasuka ndi kupanana. Giyabokosi imeneyi ili ndi oyilo wakewake, monga NS-2 ndi NS-3 wa Nissan, ndipo ATF wamba amachititsa lambayo kupulumuka ndi kukanda mapule. Mayina ameneŵa asamasuliridwe kapena kulembedwa m'kalembedwe kathu. Munthu akafika m'sitolo ayenera kupeza pachigubu zilembo zomwe adaziona papepala. Tingaitche CVT kuti otomatiki ya lamba pofotokoza, ndipo oyilo wake oyilo wa CVT.

Mawu a zizindikiro

Makaniko wabwino amayamba ndi kufunsa, ngati sing'anga: vutoli limachitika mmaŵa galimoto isanatenthe, kapena itayenda mtunda? Pachitunda, kapena paliponse? Pa D pokha, kapena ndi pa R pomwe? Mayankho ake amadalira mawu amene dalaivala ali nawo.

Chizindikiro chofala kwambiri ndi chimene Angerezi amati slipping, ndipo ambiri amangomasulira kuti kuterereka. Ku Thyolo liwu limeneli ndi msampha. M'nyengo ya mvula galimoto iliyonse imaterereka m'misewu ya m'minda, ndipo woterereka ndi matayala. Dalaivala akauza makaniko kuti galimoto imaterereka pachitunda, mnzakeyo angamuuze kuti agule matayala atsopano. Chimene chimachitika m'giyabokosi n'chakuti injini imakweza mawu, muvi wa geji yake umakwera, koma liŵiro la galimoto silikwera. Kumeneko ndiko kulirira pachabe, ndipo tinganenenso kuti giya ikupulumuka, monga mmene nsomba imapulumukira m'manja. Mawu aŵiriŵa akuloza kumene kuli vuto. Gwero lake kaŵirikaŵiri ndi kuchepa kwa oyilo, kutsekeka kwa fyuluta, kufooka kwa pampu, kapena kuperepeseka kwa timakilatchi. Komabe aphunzitsi achenjeze ophunzira kuti otomatiki ya lamba, ikakhala yabwinobwino, imachita zofanana pang'ono ndi zimenezi: munthu akaponda moto injini imakweza mawu n'kukhala pomwepo pamene liŵiro likukwera pang'onopang'ono. Wozoloŵera kumva magiya akusintha amaganiza kuti yadwala.

Chachiŵiri ndi kuchedwa kugwira. Dalaivala waponya pa D kapena pa R, koma galimoto ikukhala kaye masekondi angapo isanayambe kukoka. Zikamachitika mmaŵa mokha, nthaŵi zambiri ndi oyilo wochepa kapena zotsekera zamphira za m'kati zimene zauma. Zikamachitika pa R pokha, makaniko amakayikira kilatchi ya giya yobwerera m'mbuyo. Mneni wakuti kugwira ngwabwino pano chifukwa anthu amati buleki yagwira, kilatchi yagwira.

Chachitatu ndi kusintha mwankhanza, ndipo apa chiyankhulo chathu chili ndi chuma chimene mabuku achilendo alibe, ndicho mivekero. Dalaivala wonena kuti “ikamaloŵa giya yachiŵiri imachita gu!” wanena zambiri kuposa wolemba ndime yonse. Gu ndi kugunda kumodzi kolemera. Gugudugugudu ndi kugunda kobwerezabwereza. Njenjenje ndi kunjenjemera kumene kumamveka pampando galimoto ikamathamanga mosasintha liŵiro, ndipo kaŵirikaŵiri kumachokera ku kilatchi ya m'konveta kapena ku oyilo wotha mphamvu. Tswii wokwera ndi kutsika pamodzi ndi kulira kwa injini amaloza ku pampu imene ikusoŵa oyilo. Akonzi ena amadula mivekero poiyesa mawu a nthano za ana. Imeneyo ndi ntchito yolakwika. M'buku la zaumisiri mvekero uli ndi malo ake, bola ulembedwe mofanana m'buku lonselo ndiponso ufotokozedwe kamodzi.

Pali chizindikiro china chimene madalaivala a m'zitunda amachidziŵa bwino: galimoto ikamakwera imaloŵa giya yapamwamba, imabwerera yapansi, imaloŵanso yapamwamba, osakhazikika. Taonapo ena akulemba kuti ikusaka giya, potsata liwu la Chingerezi lakuti hunting. M'Chicheŵa kusaka ndi kwa alenje. Kubwereza tsinde la mneni kumakwanira: ikusinthasintha magiya. Nthaŵi zambiri amenewo si matenda. Dalaivala akazimitsa giya yapamwamba ndi batani la O/D, kapena akaponya pa 2, zimaleka, ndipo oyilo satentha kwambiri.

Chomaliza ndi pamene kompyuta yaona cholakwika n'kutsekera galimoto m'giya imodzi, kaŵirikaŵiri yachiŵiri kapena yachitatu, kuti ingofika kugalaja. Galimoto imanyamuka molemera, osathamanga. Pano liwu lakuti kutsimphina likukwanira bwino, pakuti wotsimphina amayendabe koma akusunga mwendo wopweteka. Pagalimoto zakale za Toyota nyali ya O/D OFF imathwanima, pamene pa Honda imathwanima ndi nyali ya D. Wolemba asiyanitse kuyaka ndi kuthwanima: nyali ya O/D OFF ikangoyaka, ndiye kuti batani ladinidwa basi.

Ndondomeko ya kafufuzidwe

Lamulo lake n'lakuti zotsika mtengo ziyambe, kumasula giyabokosi kukhale komaliza. Choyamba ndi oyilo. Pagalimoto zambiri zokhala ndi choyezera, chimene amakaniko amati dipisitiki, oyilo amayezedwa galimoto itatentha, itaima pamalo athyathyathya, ndodo itadutsa m'malo onse n'kubwerera pa P, injini ikulira. M'minda ya tiyi malo athyathyathya ngosoŵa, ndipo galimoto yoyezedwa itapendekeka imanamiza. Honda zambiri zimayezedwa injini itangozimitsidwa, ndipo galimoto zina zatsopano zilibe choyezera n'komwe. Choncho wolemba asalembe ngati kuti njira ndi imodzi.

Maonekedwe a oyilo amafuna mawu osankhidwa bwino. ATF watsopano ngofiira moyera. Akakalamba amadera. Akada bii n'kumanunkha chopserera, timakilatchi tapsa, ndipo kungothira watsopano sikungabweze zimene zaperepeseka. Akaoneka ngati tiyi wothira mkaka, mwaloŵa madzi: mwina kapaipi koziziritsira oyilo ka m'rediyeta kabooka, mwina galimoto idawoloka mtsinje wosefukira madzi n'kuloŵera pa kabowo kopumira. Akachita thovu, kaŵirikaŵiri wathiridwa mopyola muyeso. Koma chiganizo chakuti “oyilo wabwino ngofiira” chisalembedwe popanda chenjezo, chifukwa NS-2 wa Nissan ngobiriŵira chichokere kufakitale.

Oyilo akachepa ndiye kuti akudontha penapake, pakuti giyabokosi siwotcha oyilo monga injini yokalamba. Makaniko amayang'ana pansi pa giyabokosi, pa chiŵiya chosungira oyilo chimene anthu amati sampu. M'misewu yamiyala sampu imagunda pansi n'kupindika, ndipo ikapindikira m'kati ingatseke pakamwa pa fyuluta ngakhale dontho lisanagwe.

Kenaka zamagetsi. Batire yofooka, waya wodyedwa ndi makoswe, kapena pulagi yodzaza matope zimasokoneza kompyuta. Galimoto zamakono zili ndi poloŵetsera makina oŵerengera zolakwika, pa timabowo 16, pansi pa chiwongolero. Dongosolo limeneli, lotchedwa OBD-II, lidakhala lokakamiza ku United States kuyambira mu 1996, ngakhale kuti galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan sizimvana ndi makina otchipa. Anthu amati kuika galimoto pakompyuta, ndipo mawuwo ngabwino. Zimene zimatuluka ndi manambala: P0700 imangonena kuti kumbali ya magiya kuli cholakwika, P0715 ndi P0720 zimaloza ku masensa a liŵiro, P0750 ku solenoyidi. Ena amawatcha makhodi. Ife tikadakonda nambala ya chizindikiro kusiyana ndi nambala ya vuto, chifukwa nambalayo imangoloza dera, sinena chimene chafa. P0720 ingatuluke sensa ili yamoyo, waya wake ndiye ataduka.

Injini nayo imanamiza. Pulagi yosayaka bwino imagwedeza galimoto mofanana ndi konveta yodwala, ndipo mphira zokhazikapo injini zikang'ambika galimoto imachita gu poponya pa D giyabokosi ili bwinobwino. Zonsezi zikapimidwa m'pamene makaniko amamasula sampu. M'kati mwake muli maginito. Fumbi losalala ngati phulusa pamaginitoyo n'losadetsa nkhaŵa, koma tizidutswa tachitsulo tonyezimira ndi umboni wakuti m'kati mwaswekadi.

Zilembo za pandodo

P, R, N ndi D zikhale momwemo, chifukwa ndizo zimene dalaivala amaziona. Pozifotokoza, P ndi poimikira, R ndi pobwerera m'mbuyo, D ndi poyendera. Chovuta ndi N, imene anthu amati nyutulo. Omasulira ena amati giya yopumira kapena yopumulitsa injini. Mawu otereŵa ngoopsa. Chizoloŵezi choponya pa nyutulo pamtsetse kuti petulo asathe chilipo kale pakati pa madalaivala, ndipo liwu lakuti kupuma limachikometsa. Galimoto yotsika pa nyutulo imadalira mabuleki okha, ndipo pamtsetse wautali, monga wa msewu wochokera ku Thekerani kutsikira ku Muona m'chigwa cha Shire, mabuleki amatentha mpaka kuleka kugwira. Tingoti nyutulo, n'kufotokoza kuti m'pamene injini ndi matayala zalekana. Zilembo za 2 ndi L ndizo zotsikira mtsetse, pakuti injini imathandiza kugwira galimoto.

Mfundo ya pampu ija ikufotokozanso zinthu ziŵiri zimene buku lililonse la madalaivala liyenera kunena. Pampu imazungulira pokhapokha injini ikulira. Motero galimoto ya otomatiki silira poikankha, ndipo ikakokedwa mtunda wautali injini ili chizimire, matayala okoka ali pansi, zitsulo za m'kati zimazungulira zopanda oyilo. Thirakitala ingaitulutse m'matope, koma kuikoka kuchokera ku Makwasa kukafika ku Limbe n'kuipha. Nakonso kuponya D ndi R mobwerezabwereza itatitimira kumaŵiritsa oyilo m'mphindi zochepa.

Kalembedwe ka mawu obwereka

Bungwe la Chicheŵa, limene lidakhazikitsidwa mu 1972 n'kuthetsedwa mu 1995, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990, ndipo ntchito yake idapitirizidwa ndi Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira mu 1996. Mfundo ziŵiri za malamulowo zikukhudza mawu athuŵa. Yoyamba njakuti phatikizo la Chicheŵa limathera ndi lembo la liwu, choncho timalemba kilatchi, buleki, giyabokosi, valavu. Mpweya wa pa t ndi p ulembedwe pamene ukumvekadi: thoki, thirakitala, koma pampu ndi tayala.

Yachiŵiri ndi ya l ndi r, yakuti r amatsata e kapena i, ndipo l amakhala pena ponse. Thirakitala ndi fyuluta akumvera lamuloli. Oyilo ndi dizilo sakulimvera, monganso wayilesi, ndipo palibe amene angazindikire oyiro pachikwangwani cha sitolo. Pamenepa chizoloŵezi chidapambana kale. Rediyeta ndi rivesi, mwa lamulo, akadayamba ndi l. Ife tasunga r pa rivesi pa chifukwa chimodzi chooneka: chilembo cha pandodo ndi R, ndipo L ilipo kale pandodo yomweyo, kutanthauza giya yotsikitsitsa yopita kutsogolo. Wophunzira kuyendetsa amene waŵerenga m'buku lake kuti livesi angayang'ane pandodo n'kuponya pa L, khoma lili patsogolo pake.